Dzino la Ambuya Anu Esinati

Tamala, chotsa dzanja patsayapo ndikuone. Usabise, ndaona kale. Kuyambira dzana ukutafunira mbali imodzi ngati mbuzi, ndipo dzulo anzako akukukuta chimanga chokazinga iwe unati wakhuta. Unakhuta chiyani? Ndamvanso zimene akuuza apongozi ako, zoti munthu wapakati sazula dzino, uyembekeze mpaka ubereke. Khala apa pamthunzi. Nanunso ana inu, ikani mafoniwo pansi, sathawa. Ndili ndi nkhani ya ambuya anu Esinati, amene anabereka amayi anu, ndipo nkhaniyi sindinainenepo yonse kwa munthu aliyense.

Inu mumadziwa kuti ambuya anu anafa ndi nkhondo. Ndi mmene ndinakuuzirani, ndi mmenenso ndinauzira amayi anu Misozi ali kamtsikana. Silinali bodza lenileni, koma linali theka chabe. Theka linalo ndakhala nalo pakhosi zaka zonsezi, ndipo lero ndikaona tsaya la Tamala likundikanika kumeza.

Musaseke m'kamwa mwangamu. Ndikudziwa kuti mumawerenga mano anga ndikamayasamula, ndipo simuchedwa kumaliza chifukwa atsala anayi. Koma kale ndinali ndi mano, ana inu, ofanana ndi a nsomba ya mcheni. Masiku amenewo mano anali chida. Luzi tinkafewetsa ndi mano, nzimbe tinkasenda ndi mano, nthanga za malambe tinkaswa ndi mano pofuna kuonetsa atsikana kuti ndife amuna. Potsuka tinkathyola kamtengo n'kukatafuna kunsonga mpaka kasanduke mswachi, kenaka phulusa kapena khala lopera ndi kamchere. Shuga tinkamuona pa Khirisimasi. Inu mwakulira maswiti ndi zakumwa za m'mabotolo, mankhwala otsukira mano muli nawo onunkhira bwino, koma mswachi umauma pawindo sabata yathunthu. Ndimaona, musayese kuti maso anapita limodzi ndi mano.

Dzino likawawa, ife tinkati mwalowa kachilombo kamene kakuboola. Ndiye mankhwala onse anali ofuna kupha kachilomboko. Wina ankatsendera fodya pabowo. Wina ankavumata kachasu wa masau, ndipo amuna ambiri kuno ku Mburuma mano ankawawawa kawirikawiri nyengo ya masau. Panalinso njere za nthula: ankaziika pakhasu lotentha, iwe n'kuyasama pa utsiwo utafunda nsalu, pansi pali mbale ya madzi. Ukamaliza ankakuonetsa tizinthu toyera m'madzimo, amvekere ndi timeneto, tatuluka. Tinali tizidutswa ta njere zomwezo. Mawa lake dzino linkawawa monga kale, ife n'kumati katsala kamodzi kouma mutu.

Zonse zikakanika, atate anga ndi anzawo ankatsikira ku Boma, nthawi imeneyo tikuti ku Feira, n'kukwera mwadiya, bwato lija losema, kuwolokera ku Zumbo, ku Mozambique. Kumeneko kunali munthu wozula mano ndi pulayazi, amuna awiri atakugwira mapewa. Unkabwerako utatupa ngati dzungu koma utapumula. Nkhondo itabwera, njira imeneyo inatsekeka. Kutsidya la Zambezi kunali asilikali a ku Rhodesia, kutsidya la Luangwa nakonso sikunagone, ndipo mwadiya ukaoneka pakati pa madzi zipolopolo sizinkafunsa kuti wanyamula nsomba kapena wodwala dzino.

Ambuya anu anali mwana wa kumadzi. Ndinawapeza pamsika wa ku Boma akugulitsa nsomba zouma, ine nditabwera ndi mbuzi ziwiri. Anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndipo akaseka mutu unkapita kumbuyo. Tsiku loyamba lomwelo anandiseka kuti ndine munthu wa kumtunda woopa madzi, ndipo sananame, chifukwa atandikweza mwadiya ndinagwira m'mbali ndi manja onse awiri ndikuitana amayi. Anandinena nazo mpaka ukwati. Iwe Tamala kampata kako unatengera kumeneko, ndiye ukamaseka ine ndimayang'ana kumbali, wayesa n'chifukwa chiyani?

Tinabereka malume anu Jolamu bwinobwino. Kenaka mimba ziwiri zotsatizana zinapita padera. Yachiwiriyo inali itakula ndithu, azimayi anakakwirira okha kuseri kwa chulu, ine osaloledwa kuona. Muzisunge zimenezi, chifukwa munthu amene anachita zimene ndikuuzeni anali munthu wamantha, osati wankhanza. Sindikudzichotsera mlandu, ndikungoti mudziwe.

Ambuya anu ataima mimba ya amayi anu, m'dzinja, dzino linayamba. Linali lapansi, lakumapeto, lotafunira. Poyamba linkangowawa akamwa madzi a mumtsuko. Kenaka linayamba kuwawa lokha, popanda kulikhudza. Tinayesa fodya, tinayesa nthula kawiri, tinayesa mizu imene anatipatsa amayi anga. Mkazi wokonda kuseka uja anasanduka wina. Ankalima atamanga duku kuzungulira chibwano, akafika kumapeto kwa mzere n'kukhala pansi kugwira mutu. Anasiya kudya zolimba, anaonda, khosi linatalika.

Ndiye ndinayamba kufunafuna dokotala wa mano. Inu lero mumangodinadina foni, kapena kufunsa kondakitala wa minibasi. Ife tinkafunsa aliyense wodutsa. Mphunzitsi wina wochokera ku Chipata ndiye anandiuza kuti kuchipatala cha ku Boma kumabwera munthu wa mano kuchokera ku Lusaka, mwezi ukamatha, pagalimoto ya boma. Tsiku lake lenileni panalibe wolidziwa, chifukwa msewu unali ndi mabomba okwirira ndipo magalimoto ankayenda asilikali athu akati yendani. Dzina lake sindinalidziwe. Anthu ankangoti a Chizula.

Ulendo woyamba tinayenda wapansi, kunyamuka m'mawa, kugona kwa abale panjira, kufika mawa lake dzuwa lili pamutu. Tinapeza ku Boma kwasintha. Msika umene tinakumanirana uja unali ndi anthu owerengeka, kuseri kwa nyumba iliyonse kunali dzenje lothawiramo, ndipo kumadzi sikunkatsikidwa mwachisawawa. A Chizula sanabwere. Tinadikira masiku awiri kwa azakhali a ambuya anu, n'kubwerera ndi dzino lathu. Mwezi wotsatira ine ndinati tileke, koma ambuya anu anati, "Mukatsala inu ndipita ndekha." Tinanyamukanso, nthawi ya masika, mapira atayamba kucha.

Tisananyamuke amayi anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Akakam'patsa mankhwala opha kachilombo, chabwino. Koma kuzula iyayi. Dzino likazulidwa munthu ali ndi pakati, mwana amatsatira. Awiri aja sanakukwane?" Sanali mawu achilendo. Aliyense kuno ankadziwa choncho, a mpingo ndi osapemphera omwe, ndipo inenso ndinkadziwa choncho monga ndidziwira kuti moto umatentha.

Ulendo uno a Chizula tinawapeza. Anali munthu wamfupi, wa dazi, wovala malaya oyera otha m'khosi. Ankagwira ntchito pakhonde la chipatala: mpando umodzi, beseni, ndi zitsulo zake zimene ankaziwiritsa pambali. Mzere unali wautali, asodzi, apolisi, akalaliki a m'maofesi, aliyense dzanja patsaya. Nthawi yathu itakwana ambuya anu anakhala pampando paja, anayasama, a Chizula anagogoda dzinolo ndi kachitsulo, ambuya anu n'kudumpha.

"Dzino ili lafa kale, amayi," anatero a Chizula. "Labooka mpaka pansi. Kachilombo mulibe, ndi kuola chabe, ndipo mankhwala sangalibweze. Tizule."

"Zulani, adokotala," anayankha ambuya anu. "Ndalema nalo."

A Chizula anatenga nyeleti, ija yolasa kuti pauma pasamve kuwawa. Ndinaona akuikweza m'mwamba, kadontho kakutuluka kunsonga. Pamenepo ndi pamene ndinalankhula, ndipo ndinanena pagulu chinthu chimene mwamuna sanena pagulu. Ndinati, "Iyayi. Ali ndi pakati."

"Ndaona, bambo," anatero a Chizula, osakwiya. "Nyeleti iyi sifika kwa mwana. Azimayi apakati ndawazula ambiri, ndipo ana awo akuthamanga. Choopsa kwa mwana si ine, ndi mafinya amene akusonkhana pansi pa dzinoli."

"Kwathu sititero," ndinatero ine.

"Kwathunso amanena zomwezo, amayi anga ondibereka amanena zomwezo. Koma ine ndaona zimene dzino lotere limachita likasiyidwa. Ndipo msewu mukuudziwa. Sindingalonjeze kuti mwezi wamawa ndidzakhala pano."

Ambuya anu anatembenuka pampando paja. Sanakweze mawu. Anati, "Atate ake Jolamu, dzino ndi langa, kuwawa ndi kwanga. Lekani azule."

Ine ndinati, "Dzino ndi lako, koma mwana ndi wathu." Ndinawagwira pamkono, apa, n'kuwadzutsa pampando. Sindinawakoke mwamphamvu. Anthu onse a pamzere ankayang'ana, ndipo mkazi wa masiku amenewo sakanalimbana ndi mwamuna wake pamaso pa anthu. Anadzuka okha nditangowagwira, ndipo zimenezo ndiye zimandipweteka kwambiri. Azimayi ena pamzerepo anavomereza ndi mitu kuti ndachita bwino.

A Chizula anaika nyeleti pansi. Anakulunga mapilitsi m'kapepala n'kupatsa ambuya anu, koma mawu analankhula kwa ine. "Mverani, bambo. Tsiku lina lidzaleka kuwawa. Musadzasangalale, chifukwa sikuchira, ndiye kuti lafera m'kati ndipo kuola kukupita pansi. Akangobereka, mudzabwere nawo. Ndipo tsaya likadzatupa, musadzadikire kuti kuche kawiri. Mudzathamangire kuchipatala chilichonse." Ndinati ndamva. Anaitana wotsatira.

Pobwerera ambuya anu ankayenda patsogolo, ine pambuyo ndi kamtolo. Titapuma pansi pa mlambe wina anamwa madzi, kupendeketsa mutu kuti asakhudze dzino, n'kunena kuti, "Mwandiyendetsa maulendo awiri kuti ndikangoona mpando." Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka kufa.

Nyengo yozizira itafika, dzino linaleka kuwawa, ndendende monga ananenera a Chizula. Ndipo ife, ndendende monga anatiletsera, tinasangalala. Ambuya anu anamasula duku pachibwano, anayamba kudya, thupi linabwerera, kuseka kuja kunamvekanso pamtondo. Amayi anga ankauza aliyense kuti mwaona, mizu yagwira, akanazula bwenzi tikulira. Ine ndinkayenda m'mudzi chifuwa patsogolo ngati munthu amene wapulumutsa banja. Miyezi imeneyo inali yabwino, ana inu. Ndimaikumbuka ndi manyazi, koma inali yabwino.

Amayi anu anabadwa m'chilimwe, kutentha kuja kwa kuno kumene ngakhale nkhuku zimayasama. Mwana wonenepa, wolira mwamphamvu. Ndinaiwala za dzino? Sindinaiwale. Mawu a a Chizula ankabwera ndikamasosa kumunda, ine n'kuwakankha. Tinamvanso kuti galimoto ina inaponda bomba pamsewu, magalimoto a boma aima, ndipo munthu wa mano sabweranso ku Boma. Kuchipatala cha amishoni akanatha kuliona dzinolo, koma ndinkadzifunsa kuti munthu ayenda bwanji mtunda wonsewo ndi mwana wakhanda chifukwa cha dzino losawawa. Ndinati tidikire mvula, kuzizire.

Mwana atatha milungu ingapo, m'mawa wina ambuya anu anadzuka tsaya litatupa pang'ono. Anandionetsa. Ndinati tithowe ndi madzi otentha. Tinathowa tsiku limenelo, tinathowanso mawa lake. Munthu uja anati musadikire kuti kuche kawiri, ine ndinadikira kuti kuche katatu. Tsiku lachitatu kutupa kunali kutatsikira pansi pa chibwano mpaka m'khosi, kolimba ngati thabwa. Thupi linali moto. Pakamwa pankangotseguka polowa chala chimodzi, lilime linakwera m'mwamba, malovu ankangotuluka chifukwa kumeza kunakanika.

Apo ndiye ndinathamanga, kuthamanga kochedwa. Tinamanga machila a mitengo iwiri ndi bulangeti, amuna anayi, mlongo wanga atabereka mwana kumbuyo. Tinafika pamsewu n'kukhala, kuti mwina lole idutsa. Tinakhala kuyambira dzuwa likukwera mpaka litafika pamutu. Sipanadutse ngakhale njinga. Kuyenda mumsewu momwemo anzanga anakana chifukwa cha mabomba, ndipo sindinawaimbe mlandu, anali ndi ana awo. Tinalowa njira ya m'tchire yopita kwa amishoni, yozungulira, ya miyala ndi minga.

Ambuya anu sankatha kugona chagada pamachilapo, akagona mpweya unkatsekeka. Ndiye tinkayenda pang'ono, n'kuwatsitsa kuti akhale tsonga apume, n'kuwanyamulanso. Kupuma kwawo kunkamveka ngati munthu akucheka thabwa. Titafika pa kamtsinje kena kouma, dzuwa litapendeka, anakweza dzanja kuti tiime. Kulankhula kunali kutatha. Analoza mwana. Mlongo wanga anamasula mwanayo n'kuwapatsa, ndipo anamuyamwitsa atatsamira mtengo, iwo akulimbana ndi mpweya, mwana akuyamwa mosadziwa kanthu. Atamubweza, anatenga dzanja langa, lomwe lija ndinawagwira nalo pampando, n'kuliika pakhosi potupapo. Analigwira pamenepo akundiyang'ana.

Mpaka lero sindidziwa, ana inu. Kaya ankati ndakukhululukira, kaya ankati gwira uone ntchito yako. Ndafunsa Mulungu, ndadzifunsa ndekha, yankho palibe. Anamalizika pomwepo, dzanja langa lili pakhosi pawo. Tinawabweza pamachila omwewo.

Pamaliro aliyense ankati nkhondo iyi yatimaliza, msewu ukanakhala wotseguka bwenzi ali moyo. Abale awo ochokera ku Boma ananena zomwezo, azakhali awo anandigwira dzanja kundipepesa. Ine ndinangowerama. Nkhondo inali ndi msana waukulu, inkasenza milandu ya anthu ambiri, ndipo wanga ndinauika pomwepo. Mwana tinamutcha Misozi. Anakulira mkaka wa mbuzi ndi bere la mlongo wanga, ndipo atayamba kufunsa za amake ndinamuuza zimene aliyense ankanena. Amayi anga sanatchulepo za kuseri kwa nkhokwe kuja, inenso sindinawakumbutse. Tinakhala pakhomo limodzi zaka zambiri, aliyense akudziwa, aliyense ali chete.

Nkhondo itatha, msewu utatseguka, linawawa dzino langa. Tsiku lachiwiri lomwelo ndinali pa lole, taonani mmene munthu amadzikondera. Ndinapeza khonde lomwe lija, mpando womwe uja, ndi a Chizula omwe aja, dazi litakula. Ndinaopa kuti andizindikira n'kufunsa za amayi aja. Sanandizindikire. Anaona anthu angati pakati pake? Anandilasa nyeleti, tinadikira pang'ono, anagwedeza uku ndi uku, n'kumva kwe, dzino lagwera m'beseni. Munthu wakumwa kapu ya tiyi sakanamaliza.

Ndinayang'ana kadzino kaja m'beseni. Kanthu kakang'ono, kakuda, kosaposa njere ya masau. Ndinati, kodi ndi zomwezi? Ndi zimenezi ndinam'dzutsira Esinati pampando? Ndinalira, ana inu, mwamuna wamkulu, pakhonde la chipatala, magazi ndi malovu zikutsika pamalaya. A Chizula anadabwa. Anati, "Bambo, nyeleti sinagwire? Mukanandiuza." Ndinapukusa mutu. Anandiika thonje n'kunena kuti ndilume, ndisalavule, ndipo anaitana wotsatira.

Ndi imeneyo nkhani imene ine asikulu anu ndakhala ndikuibisa. Amayi anu akabwera kumunda muwauze abwere kuno, ndiwauze ndekha. Akula akutukwana nkhondo, tsitsi lawo layamba imvi akutukwanabe nkhondo, ndipo ayenera kudziwa kuti pamkono pa amawo panali dzanja la atate awo. Akafuna kundikwiyira andikwiyire ndikali moyo.

Tsono iwe Tamala, leka kulira, undimvere. Apongozi ako si mfiti. Akukuuza zimene anauzidwa, ndipo akuopera mwana monga ndinaopera ine. Ndikalankhula nawo ndekha, akalamba timamvana, ndipo mwamuna wako akafuna kutsutsa abwere atsutse ine. Lero ku Boma wa mano alipo, sachita kudikiridwa mwezi ukamatha, ndipo msewu ulibe chokwirira. Ukafika umuuze kuti uli ndi pakati pa miyezi yakuti, iye ndiye adziwa chochita. Mwina silinafike pozula, ndimamva kuti masiku ano amatha kutsuka bowo n'kumata. Akati mata, amate. Akati zula, azule. Koma usadikire kuti lileke lokha kuwawa.

Chitenje chako uchape lero, minibasi yoyamba isatisiye. Inde, ndati isatisiye, ndikupita nawe, miyendo ikane isakane. Ukakhala pampando paja, ine ndikaima pakhomo pomwe ungandione, manja anga onse awiri ali kumbuyo.